Tsamba limene silinathothoke: mafunso ndi mayankho pa kaphunzitsidwe ka nkhani ya O. Henry

Mphunzitsi wa Chingerezi akamasankha nkhani yaifupi, amafuna yoti ithe m'mapiriyodi ochepa koma ana azikanganabe za iyo ali panjira yopita kwawo. "The Last Leaf" ya O. Henry ndi yotero. Ndi nkhani ya ubwenzi ndi kulimba mtima, ndipo ophunzira Chingerezi m'mayiko ambiri amaiwerenga. Koma nkhani yokoma imatha kufera m'manja mwa mphunzitsi amene wafulumira kuulula mathero ake n'kulembetsa "phunziro" pabolodi ana asanaiganizire okha. Mafunso ali m'munsiwa akulongosola njira yopewera zimenezo.

Kodi nkhaniyi ikukamba za chiyani?

Atsikana awiri ojambula zithunzi, Sue wochokera ku Maine ndi Johnsy wochokera ku California, akuchita lendi limodzi pamwamba pa nyumba yanjerwa yosanja katatu ku Greenwich Village, mumzinda wa New York. Mwezi wa Novembala Johnsy akudwala chibayo. Dokotala akuuza Sue pambali kuti mwayi woti mnzakeyo achire ndi umodzi pa khumi, ndipo mwayi umodziwo ukudalira kuti iye mwini afune kukhala ndi moyo.

Johnsy wataya mtima. Ali chigonere akuyang'ana pazenera chomera chokalamba choyanga pakhoma la nyumba yoyandikana nayo, n'kumawerenga masamba ake chobwerera m'mbuyo pamene akuthothoka. Watsimikiza kuti tsamba lomaliza likadzagwa, nayenso adzapita.

M'chipinda chapansi mumakhala Behrman, nkhalamba yopitirira zaka 60, wojambula amene wagwira burashi zaka 40 osatulukira. Amamwa kwambiri, ndi waukali pakamwa, ndipo nthawi zonse amalonjeza kuti tsiku lina adzajambula chithunzi chopambana zonse. Sue akumufotokozera za maganizo a Johnsy, iye n'kukalipa kuti n'zopusa. Usiku womwewo kukugwa mvula yozizira ndi mphepo yamkuntho, koma m'mawa tsamba limodzi likadalipo. Likupirira usiku winanso. Johnsy akuliona, akuchita manyazi ndi kufuna kwake imfa, akupempha msuzi, ndipo akuyamba kuchira. Pamapeto pake Sue akumuululira kuti Behrman wamwalira ndi chibayo atadwala masiku awiri okha. Anamupeza zovala ndi nsapato zili zonyowa ndi zozizira, ndipo kenako anapeza nyali ikuyakabe, makwerero, maburashi ndi utoto wobiriwira wosakaniza ndi wachikasu. Tsamba lija analijambula ndi iyeyo pakhoma, usiku umene tsamba lenileni linagwa.

Analemba ndani, ndipo ophunzira adziwe zochuluka bwanji za iye?

O. Henry ndi dzina lolembera la William Sydney Porter, amene anabadwira ku Greensboro m'chigawo cha North Carolina mu 1862 ndipo anamwalira ku New York mu 1910. Ali mnyamata anagwira ntchito yosakaniza ndi kugulitsa mankhwala. Pambuyo pake analowa ntchito kubanki ku Austin, ku Texas, komwe anaimbidwa mlandu wosowetsa ndalama, ndipo anakhala m'ndende ku Ohio kuyambira 1898 mpaka 1901. Mu 1902 anasamukira ku New York, kumene analemba nkhani zake zambiri zotchuka. "The Last Leaf" ili m'buku lake la 1907 lotchedwa The Trimmed Lamp.

Ophunzira safunika zonsezi asanawerenge. Zinthu ziwiri ndizo zimawathandiza. Choyamba, mkazi wa Porter anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1897, kotero munthuyu ankadziwa kukhala pambali pa wodwala amene akufooka. Chachiwiri, iye amadziwika ndi mathero odzidzimutsa. Mukawauza chachiwirichi poyamba, amawerenga ali tcheru kusaka pamene wolembayo wawatchera msampha. Za kundende zidikire nkhani itatha, chifukwa zimakopa chidwi kwambiri mpaka kuphimba Sue ndi Johnsy.

Bwanji osangophunzitsa nkhani zakwathu? Ya ku New York ya zaka zoposa 100 itithandiza chiyani?

Zakwathu ziphunzitsidwe ndithu. Olemba monga Steve Chimombo ndi Ken Lipenga analemba nkhani zazifupi m'Chingerezi zimene mwana wa ku Malawi amadzionamo msanga. Nkhani ya O. Henry ikubwera kudzakhala pambali pa zimenezo, ndipo ili ndi zifukwa zake zomveka. Anthu ake ndi ochepa: atsikana awiri, nkhalamba ndi dokotala. Pafupifupi zonse zikuchitikira m'nyumba imodzi. Funso loyendetsa nkhani ndi limodzi, loti mwana aliyense angalimve: kodi tsambalo ligwa? Wophunzira amene Chingerezi chikumuvutabe amafuna nkhani yoti asasochere posaka kuti uyu ndani ndipo tili kuti, mphamvu zake zonse zipite pa kumva tanthauzo.

Ndiponso mtima wa nkhaniyi si wachilendo. Kudwazika matenda, kubisa misozi pamaso pa wodwala, kusowa ndalama ya chakudya choti wodwala alaweko, zonsezi ana ambiri aziona ndi maso awo. Chachilendo ndi misewu ndi nyengo basi, ndipo zimenezo zimafotokozeka m'mphindi zochepa.

Kodi Chingerezi chake si chovuta kwa wongophunzira?

N'chovuta, makamaka m'malo atatu. Ndime zoyambirira zimafotokoza misewu yokhotakhota ya Greenwich Village mwanthabwala ndi mawu akale. Kenako wolembayo amakamba za chibayo ngati ndi munthu woyendayenda m'dera akukhudza anthu ndi zala zozizira, zomwe zimasokoneza ana ena n'kuyesa kuti walowa munthu wina m'nkhani. Chachitatu ndi malankhulidwe a Behrman, amene analembedwa motsanzira katchulidwe ka munthu wolankhula Chijeremani. Mawu akewo simungawapeze m'dikishonale.

Akatswiri a kaphunziridwe ka mawu, monga Paul Nation wa ku New Zealand, anapeza kuti munthu amawerenga yekha momasuka akamadziwa mawu pafupifupi 98 pa 100 alionse a m'nkhaniyo. Wophunzira wa Fomu 1 kapena 2 sangafike pamenepo ndi nkhaniyi mmene inalembedwera. Choncho yambani ndi yofewetsedwa. VOA Learning English ili nayo yotero, yowerengedwa pang'onopang'ono, ndipo yoyambirirayo imapezeka mwaulere pa Project Gutenberg popeza umwini wake unatha kalekale. Ana akamva nkhani yonse m'Chingerezi chofewa, abwezereni ku ndime ziwiri kapena zitatu za yoyambirira, makamaka yomaliza. Amakondwa kuona kuti ndime imene ikanawagonjetsa dzana lero akuimva. Mawu a Behrman muwawerenge ndinu mokweza, chifukwa khutu limawazindikira msanga kuposa diso.

Tsiku loyamba tiyambire pati?

Yambani ndi nyengo. Kwa mwana wa kuno Novembala ndi mwezi wotentha, woyembekezera mvula yobzalira. Ku New York ndi nthawi imene chisanu chikuyamba ndipo mitengo ikuyoyola masamba. Mwana akapanda kudziwa zimenezi sangamvetse chifukwa chimene mvula ya usiku umodzi ingaphere nkhalamba. Afunseni mitengo imene imatsala yopanda masamba m'chilimwe, monga mlambe, kuti aone m'maganizo nthambi zimene Johnsy akuyang'ana.

Kenako awuzeni kuti m'zaka zimenezo kunalibe mankhwala opha tizilombo toyambitsa chibayo. Alexander Fleming anatulukira penisilini mu 1928, ndipo anayamba kugwiritsidwa ntchito kwambiri m'zaka za m'ma 1940. N'chifukwa chake dokotala wa m'nkhaniyi akuika mtima kwambiri pa chisamaliro ndi pa kufunitsitsa kwa wodwala.

Mawu atsopano musachulutse. Asanu ndi atatu kapena khumi akwana, ndipo akhale okhawo amene nkhani singamveke popanda iwo, monga pneumonia, ivy, ladder, lantern ndi masterpiece. Ena ana adzawatola m'kati mwa kuwerenga. Pomaliza jambulani pabolodi khoma ndi nthambi, n'kumatapo masamba khumi ndi awiri a mapepala. Lembani mutu wa nkhani, ana alosere zimene zichitike, ndipo zolosera zawozo muzisiye pambali pa bolodi osafufuta.

Powerenga, tiziima pati?

Nkhaniyi ili ndi malo atatu oyenera kuimapo. Oyamba ndi pamene Johnsy waulula tanthauzo la kuwerenga kwake masamba. Funsani: mukanakhala Sue mukanayankha chiyani? Achiwiri ndi pamene Sue ndi Behrman ayang'ana chomeracho pazenera mvula ikugwa, kenako n'kuyang'anana osalankhula. Funsani: aliyense wa awiriwa akuganiza chiyani? Achitatu ndi pamene Johnsy wayamba kuchira koma chinsinsi chisanaululike. Apa tsekani mabuku, ngakhale ana achonderere, ndipo funsani chifukwa chimene tsamba limodzi lapiririra mphepo imene inagwetsa anzake onse.

Pakuima kulikonse mwana mmodzi apite kubolodi akachotse masamba, kalasi yonse ikuwerenga chobwerera m'Chingerezi. Likatsala limodzi, ngakhale a kumbuyo amene saimika dzanja amadzutsa mitu. Nthawi imeneyo ndiyo yopempha mayankho m'Chingerezi, chifukwa mwana ali ndi mawu omuyabwa pakhosi ndipo amayesetsa kuwatulutsa ngakhale chiganizo chikhale chopunduka. Musakonze galamala pamene akulosera. Lembani pambali zolakwika zimene zikubwerezedwa, mudzazikonze tsiku lina.

Mathero akawerengedwa, bwererani m'mbuyo ngati ofufuza mlandu. Wolembayo anamwaza zizindikiro njira yonse: Behrman ankadzitenga ngati mlonda wa atsikanawo, ndipo nsalu yake yojambulapo inakhala zaka 25 osakhudzidwa. Kusaka zizindikirozi kumachititsa ana kuwerenganso nkhani yonse popanda kuwakakamiza, ndipo kuwerenga kwachiwiriko ndi kumene mawu atsopano amakhazikika.

Wolimba mtima m'nkhaniyi ndani? Si Behrman basi?

Ana ambiri amatchula Behrman, ndipo sakulakwa. Munthu wokalamba anatuluka usiku wamvula yozizira, n'kukwera makwerero ali ndi nyali, chifukwa cha mtsikana amene si mwana wake. Sanauze aliyense. Mwambi wathu umati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako, koma Behrman sanayembekeze kuti mawa wina adzamubwezera. Apa pali funso labwino la mtsutso: kodi ankadziwa kuti akuika moyo wake pachiswe? Nkhaniyo sikunena, ndipo ana ayenera kuzindikira kuti sikunena.

Koma mphunzitsi akaima pa Behrman yekha, waphonya theka la nkhani. Taonani Sue. Dokotala atachoka, iye akulira payekha mpaka kapepala kopukutira kunyowa, kenako akulowa m'chipinda cha wodwala akuimba mluzu. Akupitiriza kujambula zithunzi za magazini pambali pa bedi kuti apeze ndalama ya chakudya. M'mawa Johnsy akumulamula kuti atsegule katani, ndipo iye akutsegula ali ndi mantha kuti khoma lipezeka lopanda tsamba. Kulimba mtima kwa Sue ndi kwa tsiku ndi tsiku, kumene sikuimbiridwa m'manja. M'kalasi zambiri muli mwana amene anachitapo zofanana ndi zimenezi kwa mayi ake kapena agogo ake.

Nayenso Johnsy ali ndi gawo lake. Kuvomera pamaso pa mnzako kuti unalakwitsa, kupempha chakudya utachikana kale, ndi kuyambanso kukamba za loto lako lodzajambula gombe la Naples, zimafuna mtima.

Gawani kalasi m'magulu atatu, lililonse liimire munthu mmodzi. Lamulo likhale limodzi: palibe mfundo yopanda umboni wochokera m'nkhani. Apatseni poyambira chiganizo pophweka, monga "I think Sue is brave because", iwo amalize ndi zimene apeza. Musagamule mlanduwo. Ana atuluke akudziwa kuti funso limodzi lingakhale ndi mayankho angapo olondola, bola lililonse liime pa umboni. Luso limeneli ndi lomwe mafunso a literature amafuna pamayeso.

Nanga za ubwenzi, tingazikambe bwanji osasanduka ulaliki?

Gwiritsani ntchito mabodza awiri amene ali m'nkhaniyi. Sue akuuza Johnsy kuti dokotala wati mwayi wochira ndi waukulu, pamene anamva zosiyana. Behrman naye akunamiza Johnsy ndi tsamba lautoto. Funsani ana: kodi bwenzi lingakunamize n'kukhalabe bwenzi? Kodi Sue anachita bwino kuulula za Behrman, kapena akanangokhala chete? Johnsy akhala bwanji ndi uthenga woti munthu anafa chifukwa cha iye?

Mafunso otere alibe yankho lokonzeratu, ndipo n'chifukwa chake amatsegula pakamwa. Mukafunsa kuti "tikuphunzirapo chiyani", ana amakupatsani chiganizo chimene akudziwa kuti mphunzitsi amakonda, choti tizikonda anzathu, n'kukhala pansi. Mukafunsa ngati Sue anachimwa ponama, manja amakwera mbali zonse ziwiri.

Onetsaninso ubwenzi wa anthu osiyana misinkhu. Behrman amakalipa, amanyoza kufewa mtima, koma Sue akamupempha kuti akhale pansi amujambule, amang'ung'udza n'kupita. Ana amawadziwa agogo otere. Apempheni asiyanitse zimene Behrman amalankhula ndi zimene amachita, m'mizere iwiri. Imeneyi ndi njira yachidule yophunzitsira kafotokozedwe ka khalidwe la munthu wa m'nkhani.

Kodi Chichewa chiloledwe m'phunziroli?

Chiloledwe pamalo ake. Mwana amaganiza mozama m'chilankhulo chimene anayamwira, ndipo funso loti bwenzi linganame ndi lolemera. Apatseni mphindi zitatu akambirane awiriawiri m'Chichewa kapena m'chilankhulo china chakwawo, kenako gulu lipereke mfundo zake m'Chingerezi. Mukatero mudzamva mfundo zakupsa. Mukaletseratu, mudzangomva ana anayi omwe aja a kutsogolo.

Choyenera kupewa ndi kumasulira nkhani yonse chiganizo ndi chiganizo. Ana akazolowera zimenezo amasiya kumvetsera Chingerezicho, n'kumangodikira kumasulira.

Galamala ndi kulemba zilowa pati?

Zilowe nkhani itamveka, ndipo zichokere m'nkhani momwemo. Kufotokozanso zimene zinachitika m'ziganizo zisanu ndi zitatu kumaphunzitsa aneni a nthawi yakale. Kuuza mnzako zimene dokotala ananena kwa Sue kumaphunzitsa kusandutsa mawu a munthu kukhala ofotokozedwa ndi wina. Funso loti chikanachitika n'chiyani Behrman akanapanda kutuluka usiku uja limabweretsa ziganizo za "zikanakhala kuti", zimene zimavuta ambiri.

Pa ntchito yolemba, mphatso yaikulu ndi chochitika chimene O. Henry sanachilembe. Palibe pamene tikuona Behrman akujambula tsambalo. Ana alembe usiku umenewo m'mawu a Behrman mwini: kunyamula makwerero, kuteteza nyali kumphepo, zala zikuuma ndi chisanu. Ena alembe kalata ya Johnsy yopita kwa makolo ake ku California. Amene Chingerezi chawo chikadali chochepa ajambule zithunzi zinayi n'kulemba chiganizo chimodzi pansi pa chilichonse.

Nanga ngati kalasi ndi yaikulu ndipo mabuku ndi ochepa?

Nkhaniyi imapirira umphawi wa zipangizo. Mphunzitsi awerenge mokweza gawo ndi gawo, akusintha mawu pa munthu aliyense, monga amachitira wokamba nthano. Ndime zofunika zilembedwe pamapepala aakulu n'kumatidwa m'makoma kuti magulu azisinthana. Kope limodzi lingadulidwe m'zidutswa zisanu ndi chimodzi, gulu lililonse lilandire chidutswa chake, kenako kalasi yonse isanje nkhaniyo m'ndondomeko yake. Chidutswa cha mathero chikhale m'thumba mwanu mpaka nthawi yake. Sewero nalo silifuna zambiri: benchi ikhale bedi, chitenje chikhale katani, bolodi likhale khoma.

Nkhaniyi ili ndi matenda, imfa ndi munthu wofuna kufa. Si yolemera kwa ana?

Ndi yolemera, ndipo iyenera kugwiridwa mosamala. Musaloze mwana kuti afotokoze za maliro a kwawo. Amene akufuna kulankhula alankhule, amene wakhala chete asiyidwe. Mwana wina akaonetsa, m'mawu kapena m'zolemba, kuti maganizo a Johnsy ndi akenso, mulankhule naye pambali tsiku lomwelo ndipo mudziwitse amene amasamalira za uphungu pasukulupo.

Nenaninso momveka kuti chiyembekezo chimathandiza wodwala kudya ndi kulandira chisamaliro, koma sichilowa m'malo mwa mankhwala. Chibayo lero chimachizika, ndipo munthu amene akutentha thupi, kutsokomola ndi kupuma mobanika apite naye kuchipatala msanga, makamaka akakhala mwana wamng'ono kapena wokalamba.

Tidziwa bwanji kuti phunziro lagwira?

Mayeso ofunsa mayina ndi malo amangoonetsa kuti mwana anali maso. Yesani zinthu zitatu. Kodi angafotokoze nkhaniyo m'Chingerezi chake, osaloweza? Kodi angatchule zizindikiro ziwiri zimene zinkalozera kumathero? Kodi angasankhe wolimba mtima wake n'kumuikira kumbuyo ndi umboni, m'ndime imodzi yolongosoka? Pochonga, perekani malikisi a mfundo padera ndi a galamala padera, kuti mwana woganiza bwino koma wolemba mopunduka aone kuti maganizo ake awerengedwa.

Chingerezi ndi phunziro limene wophunzira ayenera kukhoza kuti alandire satifiketi ya MSCE, ndipo mantha a mayeso amakankhira aphunzitsi ku manotsi oloweza. Manotsi amathandiza pa funso limene mwana analiyembekezera. Mwana amene anatsutsana ndi anzake za bodza la Sue, n'kubwerera m'nkhani kukasaka umboni, waphunzira kuwerenga nkhani ina iliyonse imene angaipeze papepala la mayeso. Choncho mapiriyodi anayi kapena asanu amene nkhaniyi imafuna muwapereke onse, ndipo nkhani yotsatira, kaya ndi ya Chimombo, ya Lipenga kapena ya wolemba wina, muiphunzitse mwa njira yomweyi.